Kompyuta Ikakana Kulowa pa Intaneti: Za Draiva wa Netiweki

Miyezi yapitayi takhala tikumva dandaulo limodzi kuchokera kwa akatekisiti ndi alembi a m'matchalitchi a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Chipoka. Kompyuta inkachedwa kapena inagwidwa mavairasi, ndiye anaitengera kwa mnyamata wodziwa za makompyuta m'tauni ya Salima, iye n'kufufuta zonse ndi kuikamo Windows watsopano. Pobwera nayo ikuyaka bwinobwino, makalata ikulemba, koma pa intaneti pokha ikukana. Chizindikiro cha Wi-Fi chija chasowa pakona ya m'munsi. Ena afika poganiza kuti makinawo afa, ndipo ayamba kusonkha ndalama zokagulira ena ku Lilongwe. Tisanamwaze ndalama zimene anthu anazipeza movutikira, tiyeni timvetse kaye chimene chachitika, pakuti kawirikawiri vutoli limakhala laling'ono.

M'kati mwa kompyuta muli kachipangizo koilumikiza ku netiweki, kamene pa Chingerezi amakatchula network adapter. Kena kamalandira chingwe cha Ethernet, kena kamakoka Wi-Fi popanda chingwe. Tizipangizoti satipanga a Microsoft, eni ake a Windows. Amatipanga makampani ena monga Intel, Realtek, Broadcom ndi Qualcomm Atheros, ndipo kalikonse kali ndi chiyankhulo chakechake. Kuti Windows amvane nako pamafunika kapulogalamu kotchedwa draiva. Dzinali lisatisokoneze ndi woyendetsa minibasi. Ntchito ya draiva ameneyu ndi yomasulira. Tiyerekeze mzungu wafika padoko la Lifuwu kudzagula chambo kwa msodzi wodziwa Chiyao chokha. Ndalama zilipo, nsomba zilipo, koma popanda wowamasulira malonda sayenda. Pofufuta zonse paja, womasulirayo anafufutidwira limodzi.

N'zoona kuti Windows amabwera ndi madraiva ambiri m'kati mwake. Koma makompyuta athu ambiri ndi a kaunjika, ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndipo nthawi zina Windows woikidwayo amakhala wakale kuposa kachipangizoko, kapena watsopano kwambiri moti anakaiwala.

Tisanaimbe mlandu draiva, tione ngati Wi-Fi sinangozimitsidwa. Malaputopu ena akale ali ndi kaswitchi m'mbali mwake, ena amazimitsa podina batani la Fn pamodzi ndi lina la mumzere wapamwamba, ndipo Airplane mode nayo imatseka zonse. Zimenezi zikakhala bwino, tidine batani la Windows pamodzi ndi R, tilembe devmgmt.msc, kenaka Enter. Patseguka Device Manager, amene ali ngati kaundula wa ziwalo zonse za kompyuta. Tikapeza mawu akuti Network Controller kapena Ethernet Controller pansi pa mutu wa Other devices, ali ndi kachizindikiro kachikasu, mtima ukhale m'malo. Zikutanthauza kuti kachipangizo kali moyo, Windows akukaona, kungoti sakumvana nako.

Apa m'pamene pali msampha: draiva amapezeka pa intaneti, pamene intanetiyo ndi imene tikuisowa. Njira yachidule ili m'thumba mwathu momwemu. Tilumikize foni ya Android ku kompyuta ndi chingwe cha USB, tiyatse data ya TNM kapena Airtel, kenaka m'foni momwemo tiyatse USB tethering. Kompyuta imaiona foniyo ngati kachipangizo kena ka netiweki, ndipo draiva wake Windows amakhala naye kale. Intaneti ikalowa, Windows Update nthawi zambiri amapeza yekha draiva wosowayo. Tichenjere chabe ndi bando, chifukwa Windows akaona khomo latseguka amafuna kukoka zonse zimene anatsalira nazo. Ngati njirayi yakanika, tikakopere draiva pa kompyuta ya mnzathu n'kubwera naye pa fulashi.

Nanga draiva woyenera timudziwa bwanji? Poyambira pabwino ndi patsamba la kampani imene inapanga kompyutayo, kaya Dell, HP kapena Lenovo, polemba dzina ndi nambala ya mtundu wake zimene zili pachipepala chomatidwa kunsi kwa laputopu. A Dell nambala yawo amaitchula Service Tag. Tisankhe draiva wogwirizana ndi Windows amene tili naye, ndipo tione ngati ndi wa 32-bit kapena 64-bit. Koma pa makina a kaunjika chipepalacho chimakhala chitafufutika, mwinanso wina anasinthamo kachipangizo. Zikatero tikafunse kachipangizo komweko. Mu Device Manager tidine kawiri pa dzina lachikasu lija, tipite pa Details, tisankhe Hardware Ids. Paoneka mzere wokhala ndi VEN ndi DEV. Zilembo zinayi zotsatira VEN zimatchula kampani: 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 14E4 ndi Broadcom, 168C ndi Atheros. Zinayi zotsatira DEV zimatchula mtundu weniweni wa kachipangizoko. Tizilembe papepala mosaphonya ngakhale chimodzi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pofufuza ndi manambalawa tidziwa dzina la chimene tikufuna.

Kuika kwake sikovuta. Ngati failo imene takopera ikuthera ndi exe, tingoitsegula ndi kutsatira zimene ikunena. Ngati ndi foda ya mafailo ambiri, tibwerere mu Device Manager, tisankhe Update driver, kenaka Browse my computer, n'kuloza fodayo. Pomaliza tizimitse kompyuta ndi kuiyatsanso.

Tichenjezane pa chinthu chimodzi. Pofufuza tikumana ndi masamba ambiri olonjeza kuti pulogalamu yawo ikonza madraiva onse pa kamphindi. Ife sitiwakhulupirira. Ena amapempha ndalama pa zinthu zimene eni ake amapereka ulere, ena amabweretsa mavairasi omwe aja amene anatichititsa kufufuta kompyuta poyamba.

Za kusintha draiva wakale ndi watsopano, maganizo athu ndi akuti ngati netiweki ikuyenda bwino, timusiye. Tisinthe pokhapokha Wi-Fi ikamangodukaduka, kapena eni ake akalengeza kuti atseka mpata umene akuba a pa intaneti amalowerapo. Watsopanoyo akaipitsa zinthu, pa tsamba la Driver pali batani la Roll Back Driver lobwezera wakale uja. Tidziwenso kuti a Microsoft anasiya kusamalira Windows XP mu 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 mu Okutobala 2025. Kotero tizipangizo tambiri tatsopano tilibe draiva wa XP kapena 7, ngakhale titafufuza usiku wonse.

Nthawi zina vuto silikhala la draiva. M'nyengo ya dzinja kunyanja kuno mphenzi sizisowa, ndipo mphamvu yake imatha kudzera m'chingwe cha Ethernet n'kuotcha kachipangizo, kompyuta yonse n'kutsala yamoyo. Ngati mu Device Manager kachipangizoko sikakuoneka paliponse, ngakhale ndi chizindikiro chachikasu, mwina kanazimitsidwa mu BIOS kapena kanapsa. Ngakhale zitatero sitigula kompyuta ina. Kachipangizo ka Wi-Fi kolowetsa pa USB, kofanana ndi fulashi, kamalowa m'malo mwake pa mtengo wochepa.

Kwa amene kompyuta yawo ikadagwira ntchito, pali chochita lero lomwe. Pa Windows 10 ndi 11, tilowetse fulashi, tipangemo foda yotchedwa madraiva, titsegule Command Prompt posankha Run as administrator, ndipo tilembe pnputil /export-driver * E:\madraiva, kusintha E ndi chilembo cha fulashi yathu. Madraiva onse amene anaonjezeredwa mu kompyutayo akopedwa m'fodamo. Fulashiyo tiilembe dzina la kompyuta, tiisunge m'kabati ya ofesi pamodzi ndi mabuku, ndipo tsiku lopita kokafufutitsa tidzaitenge.