Uthenga wa pafoni: njira yofika paliponse ndiyo yopanda chinsinsi

Boma la Mangochi ndi limodzi mwa maboma omwe achinyamata ake ambiri amapita kukasaka ntchito m'dziko la South Africa. Ku Lungwena, dera lomwe lili kum'mawa kwa nyanja ya Malawi pamsewu wochokera paboma kudzera ku Malindi kulowera kwa Makanjira, nkhani zikuluzikulu za pabanja masiku ano zimadutsa pafoni: ndalama zogulira malata, matenda a mwana, mtengo wa usipa padoko ngakhalenso zokambirana za ukwati.

Chovuta n'chakuti mafoni a okambiranawo safanana. Yemwe ali ku Johannesburg akhoza kukhala ndi iPhone, mkazi wake kumudzi ali ndi Tecno kapena itel, pomwe mayi ake akugwirabe kafoni ka mabatani kaja ambiri amangokatcha Mose wa Lero. Uthenga umafika ndithu, koma njira yomwe wadzera ndiyo imanena ngati wayenda movundikirika kapena pambalambanda. Njira yomwe imafika pafoni iliyonse ndiyo ilibe chitetezo chokwanira, pomwe njira zotetezeka zimafuna kuti wotumiza ndi wolandira akhale ndi pulogalamu imodzimodzi.

SMS ili ngati kalata yosamata

Uthenga woyamba wa SMS unatumizidwa pa 3 Disembala 1992 m'dziko la Britain kudzera pa netiweki ya Vodafone. Mphamvu ya SMS ndi yakuti sisankha foni, sifuna intaneti ndipo imadutsa kuchoka pa TNM kupita pa Airtel popanda vuto, ngakhale uthenga umodzi umangonyamula zilembo 160. N'chifukwa chake mabanki, Airtel Money ndi TNM Mpamba amadalira SMS podziwitsa anthu kuti ndalama zalowa kapena zatuluka.

Komabe SMS inapangidwa nthawi yomwe nkhani ya chinsinsi sinali patsogolo. Uthengawo umatetezedwa pang'ono pakati pa foni ndi nsanja, koma ukafika m'makompyuta a kampani ya mafoni umakhala woti n'kuwerengeka. Izi sizikutanthauza kuti ogwira ntchito kumakampaniko amakhalira kuwerenga mauthenga a anthu, chifukwa malamulo amaletsa. Nkhani ndi yakuti chomwe chimateteza uthengawo ndi lamulo komanso kukhulupirika kwa anthu, osati loko.

Vutoli si la maiko osauka okha. Mu Disembala 2024, akuluakulu a mabungwe a FBI ndi CISA m'dziko la America analangiza anthu kuti adzigwiritsa ntchito mapulogalamu okhoma mauthenga, zitadziwika kuti akatswiri othyola makompyuta analowa m'makina a makampani akuluakulu a mafoni a dzikolo.

Kampani iliyonse ndi mpanda wake

Kukhoma uthenga kumene akuluakuluwo ankanena ndi komwe pa Chingerezi amati end-to-end encryption. Foni ya wotumiza imasandutsa mawu kukhala zilembo zopanda tanthauzo, ndipo kiyi wotsekulira amakhala pafoni ya wolandira yekha. Kampani yomwe yanyamula uthengawo siingauwerenge.

Kampani ya Apple inayamba kuchita izi mu 2011 ndi iMessage, koma pakati pa mafoni ndi makompyuta a Apple okhaokha. Mwini iPhone akalembera mnzake wa iPhone, uthenga umaoneka mumtundu wa buluu ndipo umakhala wokhoma. Akalembera wa Tecno kapena wa foni ya mabatani, umaoneka wobiriwira, kusonyeza kuti watuluka mumpanda wa Apple. Wolembayo amatsegula pulogalamu yomweyo ndi kulemba monga mwa masiku onse, osadziwa kuti loko wasiyidwa m'mbuyo.

Pofuna kulowa m'malo mwa SMS, bungwe la makampani a mafoni padziko lonse la GSMA linakonza njira yotchedwa RCS, yomwe imanyamula zithunzi zooneka bwino, mawu ojambulidwa ndi macheza a pagulu. Kampani ya Google inaika RCS m'pulogalamu yake ya Google Messages n'kuwonjezerapo loko wakewake, yemwe amagwira ntchito onse awiri akakhala ndi pulogalamuyo. Apple inakana kwa zaka zambiri mpaka mu Sepitembala 2024 pomwe inalola RCS mu iOS 18, koma panthawiyo mauthenga a pakati pa iPhone ndi Android anali osakhomabe. Mu Malichi 2025 GSMA inatulutsa ndondomeko yatsopano yokhomera mauthenga oterowo, ndipo Apple ndi Google onse analonjeza kuitsatira.

Ngakhale zili choncho, RCS imafuna foni yamakono komanso intaneti, ndipo pa iPhone imadaliranso kuti kampani ya netiweki iitsegule. Chimodzi mwa izi chikasowa, uthenga umabwerera ku SMS. Kwa gogo wa ku Lungwena yemwe ali ndi foni ya mabatani, kugwirizana kwa Apple ndi Google sikunasinthe kanthu.

Chifukwa chomwe WhatsApp inafalira

Kuno kumudzi mkangano wa buluu ndi wobiriwira sumveka kwenikweni chifukwa anthu anaulambalala kalekale. WhatsApp, yomwe inayamba mu 2009 ndipo Facebook inaigula mu 2014 pamtengo wa pafupifupi madola 19 biliyoni, imagwira ntchito mofanana pa iPhone ndi pa Android. Kuyambira mu Epulo 2016, mauthenga, zithunzi ndi mafoni oimbidwa pa WhatsApp zimakhala zokhoma.

Pali zifukwa zina ziwiri zomwe zimakhudza madera ngati Lungwena. Choyamba, TNM ndi Airtel amagulitsa mabandulo otsika mtengo a WhatsApp, omwe satsegula iMessage kapena RCS. Chachiwiri, m'dera lomwe ambiri amalankhula Chiyawo ndipo si onse anapita patali ndi sukulu, uthenga wa mawu umalola munthu kulankhula zakukhosi m'chinenero chake popanda kupempha wina kuti amulembere.

Koma WhatsApp nayonso ndi mpanda. Munthu wa WhatsApp sangalembere wa Signal kapena Telegram. Maiko a mgwirizano wa European Union anaona kuti izi zikupatsa kampani imodzi mphamvu zochuluka, motero lamulo lawo la Digital Markets Act linalamula kuti kuyambira mu Malichi 2024 kampani ya Meta, mwini wa WhatsApp, itsegule khomo kwa mapulogalamu ena omwe akufuna kulumikizana nayo. Lamuloli limagwira ntchito ku Ulaya kokha. Walira mvula walira matope: Meta inachenjeza kuti uthenga ukalowa m'pulogalamu ya kampani ina, iyo singatsimikize zomwe kampaniyo ikuchita nawo.

Zomwe loko sabisa

Mabanja a ku Mangochi amadziwa bwino amalonda onyamula katundu kuchokera ku Joni. Munthu akapereka chikwama chokhoma, wonyamulayo sadziwa zomwe zili m'kati, koma amadziwa wotumiza, wolandira, tsiku lomwe chanyamuka komanso kulemera kwake. Ndi mmenenso zilili ndi uthenga wokhoma. Mawu amabisika, koma nambala za foni, nthawi yomwe pulogalamu yagwiritsidwa ntchito, mtundu wa foni ndi magulu omwe munthu alimo zimadziwika kwa eni pulogalamu. Ndipo chikhazikitsireni kalembera wa ma SIM card mu 2018, nambala iliyonse m'dziko muno imayenera kulumikizidwa ndi chiphaso cha mwini wake.

Si pulogalamu iliyonse yomwe imakhoma mauthenga mofanana. Pa Telegram macheza wamba ndi a pagulu sakhomedwa kuchokera pafoni kufika pafoni, pokhapokha munthu atasankha yekha macheza a chinsinsi a anthu awiri. Pa WhatsApp, mauthenga omwe foni imasunga ku Google Drive kapena iCloud amakhomedwa mwanjira imeneyi pokhapokha mwini foni atatsegula yekha chitetezo chomwe chinabwera mu 2021.

Palinso mapulogalamu achinyengo monga GB WhatsApp, omwe anthu amapatsirana kapena kuikiridwa kwa okonza mafoni chifukwa amaonetsa mauthenga omwe wina wafufuta. Mapulogalamu amenewa sapangidwa ndi Meta, palibe amene amatsimikiza komwe amatumiza zomwe akuona, ndipo eni WhatsApp amachenjeza kuti wowagwiritsa ntchito akhoza kutsekeredwa akaunti.

Chinsinsi chimathera m'manja mwa anthu

Loko amateteza uthenga paulendo basi. Ukafika, umakhala m'manja mwa yemwe wagwira foni. Kumudzi foni imodzi yamakono imatumikira mabanja angapo: mwana wa ku Joni amatumiza mawu pafoni ya mphwake kuti akamvetsere gogo, ndipo nkhani ya ndalama kapena ya matenda imamvedwa ndi aliyense yemwe ali pakhonde. Komwe kulibe magetsi, foni imatsala tsiku lonse kwa otchajitsa, kawirikawiri yopanda nambala yotsekera.

Magulu a WhatsApp nawo sasunga chinsinsi kuposa membala wawo wosakhulupirika. Mu Febuluwale 2016, akuluakulu atatu a chipani cha MCP anamangidwa macheza awo a pa WhatsApp atatulukira poyera. Paja akale anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukupeza. Masiku ano mlomowo umajambulidwa chithunzi n'kutumizidwa kwina.

Pomwe njira ziwirizi zimakumana ndi pomwe akuba amabisalira. Munthu akamatsegula WhatsApp pafoni yatsopano, amalandira manambala asanu ndi limodzi kudzera pa SMS. Wakuba akamunyengerera kuti amuuze manambalawo, amalanda akauntiyo n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale m'dzina la mwini wake. Banja lomwe linazolowera kulandira malangizo a ndalama kuchokera kunja silichedwa kukhulupirira.

Lamulo likuti chiyani

Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, kuphatikizapo kusasokonezedwa pa makalata ndi mauthenga a lamya. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 limaletsa kulowa m'makina a munthu wina popanda chilolezo, ndipo Data Protection Act ya mu 2024 inaika malamulo a mmene makampani ndi mabungwe angasonkhanitsire ndi kusunga zokhudza anthu. Bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woyang'anira lamulo latsopanoli.

Malamulowa amathandiza podandaula zinthu zikalakwika, koma sabweza nkhani yomwe yafala kale m'mudzi. Chitetezo chenicheni chili m'zizolowezi zazing'ono. Nkhani ya matenda, ya milandu kapena chithunzi cha chiphaso siziyenera kudutsa pa SMS ngati pali njira yokhoma. Foni iyenera kukhala ndi nambala yotsekera isanasiyidwe kotchajitsa. Akaunti ya WhatsApp ikhale ndi nambala yachiwiri ya chinsinsi yomwe mwini amasankha yekha, ndipo manambala obwera pa SMS asaperekedwe kwa wina aliyense, ngakhale wodzitcha wogwira ntchito kukampani. Uthenga wopempha ndalama, ngakhale utabwera ndi dzina ndi chithunzi cha mwana wa pakhomo, uyambe watsimikizidwa pomuimbira mwini wakeyo ndi kumva mawu ake.