ASILIKALI A THUPI AKAUNDANITSA MAGAZI

M'chaka cha 1937 dokotala wa ku Istanbul, Hulusi Behçet, analongosola nthenda imene lero itchedwa ndi dzina lake: zilonda zobwerabwera m'kamwa ndi kumaliseche, pamodzi ndi kutupa kwa maso. Nthendayi ichuluka ku Turkey, ndipo kuopsa kwake nkwakuti imatupitsanso mitsempha, magazi naundana, makamaka m'miyendo.

Tsono aundana bwanji? Aphunzitsi auza ana kuti maselo oyera a m'magazi ndiwo asilikali a thupi, ndipo nzoona. Koma m'chaka cha 2004 akatswiri a ku Berlin anapeza kuti ena mwa asilikaliwa, otchedwa neutrophil, amaponya ukonde wa DNA yao kuti akole tizirombo. Ukondewo susankha: pa khoma la mtsempha wotupa ukolanso maselo ofiira ndi tiziduswa toundanitsa magazi, zonsezo nkumatirira pomwepo.

Chifukwa chake madokotala sadalira mankhwala oletsa kuundana okha, koma ayamba akhazika pansi asilikaliwo ndi steroid kapena azathioprine. Pakuti wodwala amene mtsempha wake wa m'mapapo wafufuma, mankhwala oletsa kuundanawo angathe kumukhetsa magazi mpaka kufa.