Kulumikiza telesikopu ku kompyuta: cimene wojambula nyenyezi ayenera kudziwa

Pa 21 June caka ca 2001, dzuwa linazima masana mu mzinda wa Lusaka kwa mphindi zoposa zitatu. Ena mwa alendo amene anabwera kudzaona kadamsana ameneyo anali ndi matelesikopu okhazikidwa pa miyendo itatu, amene anali kutembenuka okha pang'onopang'ono potsatira dzuwa. Lero munthu amene ali ndi laputopu ndi kamera angathe kuyendetsa cida cotere atakhala pa mpando, n'kujambula nyenyezi zimene maso sangathe kuziona.

Cimene cimatembenuza telesikopu ndi makina oinyamula, amene eni ake a luso limeneli amawacha kuti mount. Makinawa ali ndi timainjini tiwiri ta magetsi, ndipo nchito yao ndi kuthamangitsana ndi thambo. Dziko limazungulira kamodzi pa maola 23, mphindi 56 ndi masekondi 4, motero nyenyezi zimaoneka ngati zikuyenda madigiri 15 pa ola kucokera kum'mawa kupita kumadzulo. Kuwala kwa zinthu zakutali n'kocepa kwambiri, ndipo kamera iyenera kukhala yotseguka kwa mphindi ziwiri, zitatu kapena zisanu pa cithunzi cimodzi. Mount ikalephera kutsatira bwino, nyenyezi iriyonse imatuluka ngati kamzere m'malo mwa kadontho.

Polumikiza mount ku kompyuta pamafunika nthambo yoyenera. Makina akale amasewenzetsa njira yochedwa RS-232, imene malaputopu a masiku ano alibe, cotero pamafunika kacida kosinthira ku USB. Atsopano ambiri ali ndi USB kapena Wi-Fi. Pano m'pamene ena amataya ndalama zao. Mabowo a pa mount amafanana ndi a lamya ya m'nyumba kapena a nthambo ya intaneti, koma mawaya a m'kati analukidwa mosiyana ndipo mphamvu ya magetsi si imodzi. Nthambo yongolowa bwino pa bowo ingathe kutentha ubongo wa makinawo usiku woyamba.

Nthambo ikalowa, kompyuta ndi mount ziyenera kumvana cilankhulo. Kampani ya Meade itatulutsa telesikopu ya LX200 mu 1992, malamulo amene makinawo anali kumva anatengedwa ndi opanga ena ambiri, koma makampani ena anapitiriza ndi zilankhulo zao. Mu 1998, a Bob Denny a ku America anayambitsa dongosolo la ASCOM, limene limakhala ngati womasulira pakati pa mount ndi mapulogalamu a pa Windows. Osewenzetsa Linux kapena kakompyuta ka Raspberry Pi ali ndi INDI, imene anaiyamba a Elwood Downey mu 2003. Zonse ziwiri n'zaulere. Womasulirayo akaikidwa, munthu amasankha nyenyezi pa mapu a thambo, monga a Stellarium kapena KStars, ndipo telesikopu imatembenukira komweko.

Zonsezi munthu angazimalize masana amodzi. Covuta ceniceni n'cakuti kompyuta imakhulupirira ciriconse cimene yauzidwa, ndipo mount sidziwa kumene iri kufikira mwini wake ataiuza.

Mzinda wa Lusaka uli pa madigiri 15 kum'mwera kwa mzere wa ikweta, ndi madigiri 28 kum'mawa. Mapulogalamu ambiri amafuna kuti nambala ya kum'mwera ilembedwe ndi cizindikiro cocotsera patsogolo pake. Woiwala kacizindikiroko amauza makina kuti ali kumpoto, ndipo mount imazungulira mobwerera m'mbuyo, nyenyezi n'kumathawa mofulumira kawiri kuposa ikanakhala yosayenda n'komwe. Nthawi nayo iri ndi msampha wake. Zambia iri patsogolo pa nthawi ya Greenwich ndi maola awiri caka conse, popanda kusintha mawochi monga acitira ku Ulaya. Kulakwitsa ndi ola limodzi cabe kumaphonyetsa telesikopu ndi madigiri 15, mtunda wokwanira miyezi yathunthu pafupifupi 30 yondandalikidwa pa thambo.

Pali cinanso cimene kompyuta singacite ndi manja ake. Msana wa mount uyenera kuloza ndendende pa malo amene thambo lonse limazungulirapo. Mabuku ambiri ofotokoza zimenezi analembedwera anthu a kumpoto, ndipo amati wojambula apeze nyenyezi yowala ya Polaris. M'dziko lino Polaris sioneka mpang'ono pomwe, cifukwa iri pansi pa cizimezime. Kum'mwera kuli nyenyezi ya Sigma Octantis, yozimiririka kotero kuti magetsi a mu mzinda amaibisa. Njira yakale ndiyo kupeza nyenyezi zinai zooneka ngati mtanda, zochedwa Southern Cross, n'kutalikitsa mzere wa msana wa mtandawo kanai ndi theka kulowera ca kuphazi kwake.

Malo amenewo amakwera pa thambo molingana ndi kumene munthu waima: madigiri 15 ku Lusaka, pafupifupi 14 ku Chipata, 18 ku Livingstone ndi 9 okha ku Mbala. Kumeneku n'kotsika ndithu, moti mtengo wa mango kapena mpanda wa njerwa ungathe kuphimba. Komanso mount ikaweramitsidwa cotere, citsulo colemera cimene cimalinganiza telesikopu cimagunda mwendo pa makina ena. Wogula ayenera kuona kaye madigiri ocepetsetsa amene makinawo amalola, apo ayi adzafunika kuikapo citoliro cokwezera mutu wa mount.

Apa kompyuta imabweza ngongole yake. Mapulogalamu monga N.I.N.A. ndi Ekos amajambula kacigawo ka thambo, n'kuyerekezera kaimidwe ka nyenyezi ndi mndandanda umene ali nao, ndipo amauza munthu mbali imene apotokolere zomangira ngakhale mtengo utaphimba kum'mwera. Pulogalamu ina ya PHD2 imayang'anira nyenyezi imodzi kupyolera mu kakamera kaciwiri, ndipo masekondi angapo alionse imauza mount kuti isendere pang'ono ikayamba kuphonya.

Nyengo yabwino kuno ndi ya cisanu, kuyambira May kufikira July, pamene mitambo yacoka ndipo pakati peni-peni pa Mlalang'amba pamadutsa pamwamba pa mutu. Kuyambira August, utsi wa moto wa m'thengo ndi fumbi zimadetsa thambo. Mount zambiri zimadya magetsi a mavoti 12, motero batire ya galimoto imakwanira, cinthu cimene cinaoneka phindu lake m'caka ca 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri.

Cinthu cojambulidwa cikadutsa pakati pa thambo kulowera kumadzulo, mount yamtundu wa citsulo colemera imatembenuza telesikopu yonse kupita mbali ina. Nthambo yaifupi imakokeka pa nthawi imeneyo, n'kuzuka kapena kugwetsa laputopu. Odziwa nchitoyi amayamba kuyesa kutembenuka kumeneku m'nyumba masana, dzanja liri pafupi ndi cozimira magetsi.