UBONGO WATSOPANO WA INJINI: SANKHANI MOSAMALA

Masiku ano amakanika ena amatenga motoka yakale, monga Hilux kapena Land Cruiser, ndi kuikamo injini ina ya petulo, kawiri-kawiri Toyota 1UZ ya masilinda 8. Nchito ikafika pamenepa pamabuka funso lalikulu: kodi injiniyi idzalamulidwa ndi ciani?

Injini zotere zilibe kabuleta. Zimayendetsedwa ndi kabokosi kochedwa ECU, kamene kamayeza mpweya wolowa, kutentha ndi liwiro la injini, ndipo kamagamula mlingo wa petulo ndi nthawi yotumiza moto ku mapulagi. Kabokosi ka ku fakitale kamabvuta m'motoka yacilendo, cotero eni motoka amagula kena kamene kangasinthidwe ndi kompyuta.

Mitundu ilipo yambiri: Haltech ndi MoTeC za ku Australia, Link ya ku New Zealand, Spitronics ndi Dicktator za ku South Africa. Musakopeke ndi dzina cabe. Coyamba funsani ngati kabokosiko kangayendetse masilinda onse ndi kumva masensa a injini yanu. Caciwiri, kodi katswiri wodziwa kukacuna ali pafupi?

Petulo imapsa bwino pamene galamu imodzi ikumana ndi magalamu 14.7 a mpweya. Ikacepa pamene motoka ikwera mapiri a ku Luangwa ndi matumba a cimanga, injini imatentha kopitirira, mapisitoni ndi kusungunuka, ndipo thukuta la caka conse lapita pacabe.

Kabokosi kochipa kopanda wokadziwa ndiko kodula koposa. Akulu-akulu anati safunsa anadya phula.