Tizilombo ta m'cifu ca ng'ombe ndito timapanga vitamini B12

Mkaka ndi nyama zimene alimi a ku Kanakantapa m'boma la Chongwe amapeza ku ziweto zao zili ndi vitamini B12, imene imathandiza thupi kupanga magazi ndi kusamalira mitsempha. Koma ng'ombe, mbuzi, ngakhale munthu sangathe kuipanga. Zomera nazonso siziipanga. Nchitoyi ndi ya tizilombo tosaoneka ndi maso, makamaka mabakiteriya.

Vitamini imeneyi ndi yokhayo imene ili ndi citsulo mkati mwake. Citsuloco ndi cobalt, cimene cimakumbidwa pamodzi ndi mkuwa m'cigawo ca Copperbelt. M'nthaka ya kumunda cimapezeka pang'ono kwambiri, ndipo udzu umacikoka ndi mizu yake.

Ng'ombe ikadya udzu, cakudyaco cimayamba cakhala m'cifu cacikulu, mmene muli mabakiteriya osawerengeka. Mabakiteriyawo amayamba ndi kupanga kanthu kozungulira ngati mphete. Ciyambi ca mpheteyo ndi cimodzimodzi ndi ca cinthu cimene cimafiiritsa magazi ndiponso ca cimene cimabiriwitsa masamba. Magazi amasunga ayironi pakati pa mphete yao, masamba amasunga magnesium, pamene B12 imasunga cobalt. Kuti vitaminiyo ithe kupangidwa, mabakiteriya amadutsa masitepe pafupifupi 30, ndipo ena mwa masitepewo ndi ocepetsa mpheteyo kuti igwire bwino citsuloco. Mabakiteriya okhala mopanda mpweya wa okosijeni amalowetsa cobalt kuciyambi kwa nchitoyi, koma ena ofuna mpweyawo amailowetsa cakumapeto.

Asayansi anapatula B12 m'caka ca 1948, ndipo Dorothy Hodgkin wa ku Britain anaonetsa mmene inapangikira m'zaka za m'ma 1950. Pamene Robert Woodward ndi Albert Eschenmoser anaipanga popanda mabakiteriya mu 1972, panali patapita zaka zoposa 10 ndipo nchitoyo inafuna akatswiri pafupifupi 100. Mpaka lero mafakitale a mankhwala amaweta mabakiteriya m'matanki kuti apeze B12 ya mapilitsi ndi jekeseni.

Kwa mlimi, nkhani yagona pa nthaka. Kumene cobalt ndi wocepa, ziweto zimasiya kudya bwino ndi kuonda ngakhale msipu uli wobiriwira. Vutoli linazindikirika ku Australia m'zaka za m'ma 1930, pamene nkhosa zoonda zinacira zitapatsidwa cobalt. Cofunika kudziwa n'cakuti cobalt ayenera kulowera pakamwa, monga mu mcere wonyambita wa ziweto, kuti afike kwa mabakiteriya. Komabe kuonda kwa ng'ombe kumabweranso ndi njoka za m'mimba ndi matenda a nkhupakupa, conco ndi bwino kuyamba mwafunsa alangizi a ziweto.

Munthu nayenso ali ndi mabakiteriya opanga B12, koma amakhala m'matumbo aakulu, kupitirira pamalo pamene thupi limayamwira vitaminiyi. Motero ayenera kuipeza m'zakudya monga ciwindi, nyama, mkaka, mazira ndi kapenta. Nsima ndi ndiwo zamasamba zokha sizimupatsa. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogiramu 2.4 patsiku, ndipo popeza ciwindi cimaisunga kwa zaka, zizindikiro za kucepa kwake, monga kufooka ndi dzanzi m'manja ndi m'mapazi, zimacedwa kuonekera.