Anise, Kambeu Konunkhira

M'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, monga Egypt, Greece, Turkey ndi Spain, alimi amafesa comera cina cochedwa anise. Comeraci ndi ca mtundu umodzi ndi karoti. Moyo wace ndi waufupi, pakuti cimera, cicita maluwa, cibala mbeu ndi kuuma isanathe miyezi 5. Msinkhu wace ufika m'maondo mwa munthu wamkulu. Masamba a m'munsi ndi otambalala, koma a pamwamba ndi ong'ambikang'ambika ngati nthenga. Maluwa ace ndi oyera, ang'onoang'ono, ndipo aunjikana pamodzi ngati ambulera.

Anise afuna dzuwa lambiri ndi nthaka yopepuka yosasunga madzi. Muzu wace ndi umodzi wolunjika pansi. Cifukwa cace saokedwa monga acitira ndi fodya, koma afesedwa pamalo pomwe adzakulira.

Cuma conse ca anise ciri m'timbeu tace totuwa, tocepa kuposa njere za mpunga. M'kati mwa timbeuti muli mafuta ochedwa anethole, amene ndiwo anunkhira ndi kuzuna m'kamwa. Timbeu tikayamba kutuwa, mlimi adula mapesi msanga tisanayoyoke, nawamanga mitolo, nawapacika kuti aume, kenaka nkuwapuntha. Wophika wodziwa nchito yace asunga timbeuti tathunthu m'botolo lotseka bwino, nasinja tokwanira tsiku lomwelo, pakuti fungo la anise wosinja silicedwa kuuluka. Amthira m'buledi, m'makeke, m'masiwiti ndi m'msuzi, koma pang'ono pokha. Akacuruka, aphimba kukoma kwa cakudya conse.

Anthu anazindikira ubwino wa anise kale kwambiri. Aroma anali kuphika keke ya anise ndi kuidya pakutha pa phwando, kuti cakudya cisawalemere m'mimba. Ku England anise anali kucokera kunja pa mtengo waukulu, ndipo m'caka ca 1305 Mfumu Edward I inaika msonkho pa iye, kuti ndalamazo zithandize kukonza mlatho wa mzinda wa London.

Codabwitsa ndi cakuti mafuta omwewa apezekanso m'comera cina cosiyana kutali ndi anise. Kum'mwera kwa China ndi kumpoto kwa Vietnam kuli mtengo wosagwetsa masamba, umene cipatso cace cikauma cioneka ngati nyenyezi ya nsonga 8. Dzina lace ndi star anise. Mtengo umenewu suli pa cibale ndi anise wa m'munda, koma mphuno siitha kuwasiyanitsa msanga, ndipo mafuta ambiri ogulitsidwa ndi dzina la anise acokera kwa iwo. Ku Japan kuli mtengo winanso wa zipatso zofanana ndi nyenyezi zimenezi, koma zace ziri ndi ululu. Anthu a kumeneko azitentha ngati lubani, ndipo saziika m'cakudya konse.