Agogo Aakazi Amene Anasunga Malire a Minda M'mutu

Lero tili kumapiri ozizira a Tsangano ku Mozambique, kwawo kwa kachewere ndi tirigu, ndipo tikafika mpaka ku Furancungo, likulu la boma la Macanga, kwa alimi a fodya. Komatu sitinadzere mitengo ya mbewu ayi. Tabwera ndi dandaulo.

Mukatsegula mabuku a mbiri ya dera lino, mupeza kuti pafupifupi maina onse ndi a amuna. Mupeza banja la Pereira limene linalamulira Macanga mpaka pa Chinsinga, amene Apwitikizi anamugonjetsa mu 1902. Mupeza Undi ndi likulu lake la Mano. Mayi amene amatchulidwako ndi Nyangu, poti mafumu a Kalonga ndi Undi amabadwa mwa iye. Nanga a Nyangu ang'onoang'ono a m'midzi, agogo aakazi amene mbumba yonse imawerengera chiyambi chake pa iwo, analembedwa pati?

Za nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique sitibwereza, mukuzidziwa kuposa ife. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo a madera ano anangodumpha malire n'kukamanga zisakasa ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Lilongwe. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo mu 1993 ndi 1994 anthu anayamba kubwerera. Nkhani yathu yagona pobwererapo.

Kumudzi anakapeza thengo. Nyumba zinapsa, nkhokwe zinagwa, mizere inafafanizika, ndipo m'njira zina munali mabomba okwirira, amene dziko la Mozambique linadzalengeza kuti latha kuwazula mu 2015. Ana obadwira ku Malawi sankadziwa ngakhale kumene kuli chitsime. Amuna ambiri anali akamwini, obwera, odziwa munda umene ankalima koma osadziwa kuti unachokera kwa yani. Maso onse anatembenukira kwa agogo.

Tiyeni tiwatsatire pang'onopang'ono. M'mamawa, mame asanakamuke, agogo amanga chitenje chawo, atenga ndodo. Pambuyo pawo pali ankhoswe, pali anyakwawa, pali adzukulu ndi zikwanje. Agogo sayambira kumunda. Ayambira kumanda, chifukwa mitengo ya kumanda palibe amadula, ndiye nkhalango ija imaoneka patali ngakhale patapita zaka khumi. Aima pamenepo, atchula amene anagona mmenemo mmodzimmodzi, amayi awo, agogo awo, ana amene sanakule. Akatero atembenuka, afunafuna mitengo ya mango, poti mango samera okha m'tchire, pamene ali panali khomo la munthu. Afika pansi pa mango, akanda ndi ndodo, apeza mafuwa atatu akuda ndi mwaye. Akanda kutsogolo pang'ono, apeza mphero yong'ambika. Aloza pamene panali dzala, pamene pamera maungu osadzala munthu. Mudzi wapezeka.

Tsopano alowera kuminda. Ayenda mpaka pa chulu, aima. Kuchoka pa chulu apita pa mtengo wa msuku, kuchoka pa msuku atsetsereka ndi khwawa mpaka kudambo, kumene kunali madimba. Paliponse pamene aima, anena mwini wake: apa ankalima akulu awo, apo ndi pa ang'ono awo, uko anapatsidwa mlendo wina. Ndiye mvetserani bwino, omvera, pali chinthu chimodzi chimene agogo okha ndiwo ankachidziwa: munda uti unaperekedwa, munda uti unangobwerekedwa. Kachigawo kamene anabwereka munthu chaka cha njala kuti adzalepo mbatata, iye n'kulimapo zaka zambiri, ana ake amayesa ndi kawo. Milandu ya minda imabadwira pamenepo. Agogo amanena osakweza mawu, pamaso pa onse, ndipo wotsutsa amafunika kukhala ndi agogo ake omwe.



Boma la Mozambique nalo linavomereza kuti pakamwa pa munthu pali umboni. Lamulo la malo la mu 1997 limati nthaka ndi ya dziko, koma ufulu wogwiritsa ntchito malo amene anthu akhalapo mwa mwambo ndi wovomerezeka ngakhale popanda chikalata, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'deralo, amuna ndi akazi omwe, umalandiridwa. Ndiye kuti zimene agogo aja anasunga m'mutu zili ndi mphamvu pabwalo la milandu. Ife tikuti ulemu umenewu anauyenera kalekale.

Koma taonani mmene timawakumbukirira. Akatisiya timalira, timameta, timafulula mowa wa chikumbutso, kenako timasonkherana ndalama za simenti n'kumanga chiliza cholembedwa dzina ndi zaka ziwiri. Zonsezo n'zabwino, palibe akutsutsa. Funso n'lakuti, ndani anayenda nawo m'malire muja n'kuloweza? Adzukulu ali ku Tete, ena kumigodi ya malasha ku Moatize, ena ku Joni. Mayi amene anali ndi zaka 50 pobwerera mu 1993, lero wadutsa zaka 80. Atsala ochepa, ndipo miyendo yayamba kuwakana.

Ndiye tikupemphani, inu amene agogo anu akadali moyo, musadikire tsiku la chiliza. Pitani kumudzi chilimwe chino udzu ukapsa. Agwireni dzanja, muyende nawo kuchokera kumanda mpaka kudambo. Foni muli nayo, jambulani mawu awo. Lembani m'kope maina a amayi awo ndi agogo awo, munda uti unaperekedwa, uti unabwerekedwa. Mafumu, aitaneni amayiwa pabwalo akadali ndi mawu. Aphunzitsi, tumani ana akafunse kunyumba. Ndipo mukapita, musapite chimanjamanja: bulangete, shuga ndi sopo azilandire lero, akadatha kukuthokozani okha.